Kalata kwa mabwana osunga makiyi a mawodi a odwala maganizo

Kwa inu anduna a zaumoyo, aphungu opanga malamulo, majaji, ndi akuluakulu a zipatala zogonekako anthu odwala maganizo,

Ndikulemberani mwaulemu koma sindizungulira ayi. Munthu akaba foni apolisi amamugwira nkumuuza mlandu wake, lamulo limanena kuti asanadutse maola akutiakuti akaonekere kukhoti, ali ndi ufulu opeza loya, atha kupempha belo, jaji akagamula amamuuza zaka zomwe akhale ndipo akaona kuti zamuvuta amachita apilo. Zonsezi timampatsa wakuba ndipo nzoyenera ndithu. Nde tengani munthu oti sanabe kanthu, wangodwala, masiku angapo sakugona, akumva mawu omwe ena sakumva, akuopa aliyense. Uyu amabwera naye atamugwira manja ndi miyendo, wachibale amasaina fomu, adokotala amasainanso, chitseko nkutsekedwa, ndipo mmalo ambiri nkhani imathera pompo. Samauzidwa kuti atuluka liti, samauzidwa kuti akadandaule kwa ndani, ndipo palibe munthu wakunja kwa chipatalacho amene lamulo limamukakamiza kubwera kudzafunsa kuti kodi uyu akusungidwirabe chani.

Fomu imeneyo ine ndinasainapo, kusainira m'bale wanga, ndipo zitavutanso ngati mmene zinavutira nthawi ija ndingasainenso. Choncho musandiyese mmodzi mwa anthu onena kuti matendawa kulibe kapena kuti madokotala ndi adani, ayi. Chomwe chimandiopsa nchoti palibe anandifunsa mafunso ine osainayo. Ndikanakhala wa mtima oipa, ofuna nyumba yake kapena ndalama zake za kubanki, kapena ongotopa naye basi, pepala likanakhala lomwelo, sitampu yomweyo, chitseko chomwecho. Ndipo achibale otero alipo, inu mukudziwa.

Izi sizongoganizira. Ku America, bambo wina dzina lake Kenneth Donaldson anamutsekera mchipatala cha boma ku Florida mu 1957 bambo ake omubereka atapempha, anakhalamo zaka pafupifupi 15. Sanavulazepo munthu, anali ndi mnzake yemwe ankapempha mobwerezabwereza kuti amutenge akamusunge, akuluakulu a chipatala nkumakana. Anatuluka mu 1971, ndipo mu 1975 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma silingatsekere munthu oti sali chiopsezo kwa wina aliyense ndipo atha kukhala bwinobwino kunja payekha kapena mothandizidwa ndi abale ndi anzake. Zaka 15 abale, kuti chinthu chodziwikiratu chonchi chinenedwe ndi majaji. Ku Gambia nakonso, mlandu womwe anasuma anthu awiri omenyera ufulu wa odwala maganizo, Purohit ndi Moore, unafika ku komishoni ya Africa yoona za ufulu wa anthu, ndipo mu 2003 komishoniyo inapeza kuti lamulo lakale la nthawi ya atsamunda lomwe ankatsekera nalo odwala linkaphwanya ufulu wawo, poti munalibe njira yochitira apilo, munalibe loya othandiza, odwalawo olo kuvota sankaloledwa. Maiko angati mpaka lero akuyendabe ndi malamulo obadwa nthawi imodzi ndi limenelo? Aphungu, tsegulani buku lanu muone chaka chomwe lanu linalembedwa.

Pali chinyengo china chomwe ndikufuna majaji muchimvetsere. Mufayilo amalemba kuti odwala analowa mwakufuna kwake, chifukwa choti sanalimbane ndi munthu pakhomo. Koma tsiku loti anene kuti ndikufuna kupita kwathu, chitseko nchokiya ndipo amamuuza kuti ukalimbikira tikusinthira pepala ukhale okakamizidwa. Nde kufuna kwake kuli pati pamenepo? Ku England kunali nkhani ya bambo wa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lovutitsa munthu kulankhulana ndi anzake, yemwe anagonekedwa pachipatala cha Bournewood mu 1997 mwanjira imeneyi, iye osatha kuyankhula kuti avomere kapena akane, omusamalira ake nkuletsedwa kumuona, mpaka mu 2004 khoti la ku Ulaya loona za ufulu linati ameneyu analandidwa ufulu wake popanda chitetezo cha lamulo. Kukhala chete sikuvomera. Amene sakuwa ndi amene mukuyenera kumuyang'anitsitsa kwambiri, chifukwa okuwayo pena amamveka.

Chomwe ndikupempha pa nkhani ya chitsekoyi sichachilendo. Kugoneka munthu mokakamiza kukhale ndi malire a masiku olembedwa mlamulo, masiku ochepa, akatha pepala lafa lokha pokhapokha wina wakunja, jaji kaya komiti yosadya nawo za chipatalacho, amuone munthuyo maso ndi maso osati kungowerenga fayilo. Odwalayo akhale ndi loya olipiridwa ndi boma, chifukwa munthu oti wavala zovala za muwodi foni anamulanda angapeze bwanji loya yekha. Ndipo ntchito yobweretsa umboni ikhale ya chipatala, chifotokoze chifukwa chomusungira, osati odwala azivutika kutsimikiza kuti ali bwino. Ku Italy chithandizo chokakamiza chimayamba ndi masiku 7 okha, pamafunika madokotala awiri, meya wa mzinda asaine, jaji adziwitsidwe pasanathe maola 48, ndipo akafuna kuwonjezera masiku ayenera kupemphanso. Sindikuti kumeneko zonse zili bwino, koma taonani manja angati akuyenera kugwira pepalalo munthu asanatsekeredwe.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndikukakamira za munthu wakunja. Chifukwa chake nchakuti mkati mwa wodi chilichonse chomwe odwala anganene chimasanduka chizindikiro cha matenda. Akati mankhwalawa akundipweteka, amalemba kuti sakuzindikira kuti akudwala. Akalira kuti wasowa ana ake, amalemba kuti maganizo atsika. Akakwiya chifukwa amukankha, amalemba kuti ndi waukali, jakisoni abwere. Akati usiku wina anandigwira mosayenera, amalemba kuti akuona zinthu zomwe kulibe. Palibe chiganizo chomwe angayankhule choti chimutulutse mumsampha umenewu, akakhala chete alakwa akayankhula alakwa, ndipo olemba fayiloyo ndi yemweyo amene mwina akudandaulidwayo. Amayi ndi atsikana ndi omwe zimawagwera kwambiri, munthu ofuna kuchita zoipa amadziwa bwino lomwe kuti mawu a mzimayi wa muwodi imeneyi palibe awakhulupirire. Nde dandaulo lotere likamapita kwa mkulu wa wodi yomweyo mukuyembekeza kuti litha bwanji?

Za mankhwala ndinenepo pang'ono. Mankhwala amathandiza, ndawaona akubweza munthu yemwe tinkati watayika. Koma chlorpromazine ndi haloperidol, omwe ndi otchipa ndipo ndi omwe amapezeka kwambiri mzipatala zosauka, ali ndi zovuta zake zenizeni: thupi kuuma, manja kunjenjemera, dovu kutuluka, tulo tosatha, kulephera kukhala pansi miyendo ikungofuna kuyenda, ndipo ukamwa nthawi yaitali pena milomo ndi lilime zimayamba kuyenda zokha mwina osadzasiyanso olo usiye mankhwalawo. Mankhwala ena otchedwa lithium amafuna kuyeza magazi pafupipafupi, clozapine chimodzimodzi. Munthu ali ndi ufulu ouzidwa zimenezi asanameze, ali ndi ufulu ofunsa ngati pali ena, ndipo akati awa sindikuwafuna yankho lisakhale amuna anayi ndi jakisoni. Jakisoni obaya munthu chifukwa wayankha mwano kapena kuti wodi igone msanga chimenecho ndi chilango, musachitchule chithandizo. India mulamulo lake la 2017 inaletsa kumanga odwala ndi unyolo, inaletsa chithandizo chodutsitsa magetsi kumutu chopanda mankhwala ogonetsa ndi ofewetsa minofu, komanso inalola munthu kulemberatu akadali bwino kuti ndikadzadwala mudzandithandize motere, awa musadzandipatse, ondiyankhulira adzakhale uje. Kalata yolemberatu imeneyi ine ndimaiona ngati chinthu chanzeru kwambiri chomwe chinaganizidwapo pankhaniyi, poti matenda ambiri amaganizo amabwera nkupita, munthu yemwe lero sakudziwa dzina lake mwezi watha anali kuntchito ndipo amadziwa bwino kuposa dokotala aliyense kuti ulendo wapita uja mankhwala ati anamupweteka.

Kumanga ndi kupanikiza anthu. Mu 2020 a bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch anatulutsa lipoti loti anapeza anthu odwala maganizo omangidwa maunyolo kapena kutsekeredwa mtizipinda mmaiko 60, ena mmakomo, ena mmalo opempherera, ena mzipatala za boma zenizeni. Ku Erwadi ku India mu 2001 moto unabuka pamalo ena osungira odwala, anthu 28 anafa chifukwa anali omangidwa unyolo sakanatha kuthawa. Ndipo musaganize kuti izi nza maiko osauka okha. David Bennett anafa mu 1998 mchipatala ku Norwich ku England anamwino atamugoneka chafufumimba nkumupanikiza kwa mphindi pafupifupi 25. Olaseni Lewis, mnyamata wa zaka 23 yemwe anapita mwakufuna kwake kukafuna thandizo, anafa mu 2010 atapanikizidwa ndi apolisi 11 pachipatala cha Bethlem ku London. Munthu ukamugoneka chamimba nkumutsamira kumsana chifuwa sichitha kukoka mpweya, akamaphiriphitha kuti apume omugwirawo amaona ngati akulimbana nawo nde amawonjezera mphamvu, akakhala duu amati wamvera, pomwe munthu akutha. Makolo a Lewis anamenya nkhondo zaka zambiri mpaka mu 2018 panabadwa lamulo lokakamiza zipatala zotere ku England kulemba ndi kuulula nthawi iliyonse yomwe agwiritsa ntchito mphamvu pa odwala. Kulemba kokha basi, ndani anagwiridwa, ndi anthu angati, mphindi zingati, chifukwa chani. Chipatala chomwe sichingakuonetseni buku limeneli chili ndi chomwe chikubisa, kapena sichiwerengera nkomwe, kaya choipa kwambiri nchiti pamenepa.

Apa ndiimire kumbali ya anamwino pang'ono, chifukwa mabwana mumakonda kuti zikavuta mlandu ugwere wapansi. Nesi mmodzi kapena awiri usiku onse ndi wodi yodzaza, ena ogona pansi, mankhwala atha, chitseko cha chimbudzi chinathyoka kalekale, wina wayamba kuswa mawindo, mukufuna atani? Amanga, abaya, atsekera, chifukwa ndi zida zokhazo zomwe munamusiyira. Ziwerengero za mu 2020 za WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, zinaonetsa kuti pa ndalama za zaumoyo maboma ankaika pafupifupi 2 peresenti yokha ku matenda amaganizo, ndipo pa kandalama kameneko magawo awiri mwa atatu ankathera mzipatala zikuluzikulu zogonekera anthu, pomwe mu 2019 munthu mmodzi mwa 8 alionse padziko lapansi anali ndi vuto lamaganizo. Unyolo uja umayambira mu bajeti yanu anduna, nesi amangomalizitsa.

Koma chonde musamve ngati ndikuti tsekani zipatala mawa mupulumutse ndalama. Ku Gauteng ku South Africa anachita zimenezo, boma la chigawocho linathetsa kontrakiti ndi kampani yosunga odwala maganizo ya Life Esidimeni ati pofuna kuchepetsa ndalama komanso ati kubwezera odwala kumadera, mu 2016 odwala oposa 1,000 anasamutsidwa mwaphuma kupita kutimabungwe tambiri topanda ziphaso zoyenera, ena opanda mafayilo awo, opanda mankhwala, achibale osauzidwa komwe apita. Anthu 144 anafa, ambiri ndi njala, ludzu, kuzizira ndi kusasamalidwa. Achibale ndi madokotala anachenjeza zisanachitike, sanamvedwe. Italy inatseka zipatala zake zakale kuyambira ndi lamulo la 1978 lomwe linabwera ndi ntchito ya dokotala wa matenda amaganizo Franco Basaglia, koma zinatenga zaka pafupifupi 20 kuti zitsekedwe zonse, ndipo kumzinda wa Trieste komwe zinayenda bwino anayamba amanga kaye malo a mmadera otsegula usana ndi usiku, nyumba zokhalamo, ntchito zoti anthu azigwira. Ndalama zimutsate odwalayo komwe akupita. Kumutulutsa opanda pokhala, opanda mankhwala, nkumusiya pamsewu kuti apolisi akamutole mawa, umenewo si ufulu, mwangosintha malo omuzunzira.

Ambiri mwa maboma anu anasaina pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, lomwe linavomerezedwa mu 2006 nkuyamba kugwira ntchito mu 2008, ndipo odwala maganizo kwa nthawi yaitali alimo mmenemo. Gawo 12 limati munthu ameneyu ndi munthu pamaso pa lamulo mofanana ndi wina aliyense, gawo 14 limati kulumala pakokha sikungakhale chifukwa chomulanda ufulu oyenda, gawo 19 limati ali ndi ufulu okhala pakati pa anthu anzake. Komiti yoyang'anira panganoli mu 2014 inapita patali, inati mchitidwe oti wina azipangira mnzake ziganizo uthe, mmalo mwake munthu azithandizidwa kupanga chiganizo chake. Madokotala ambiri amatsutsana nazo, amati nanga usiku uja munthu wagwira mpeni, ndipo kunena zoona ine pa usiku umenewo ndili mbali ya madokotala. Koma usiku umenewo ndi umodzi. Mkangano wa usiku umodziwo musautenge ngati pobisalira kuti musakonze za masiku ena onsewo, pomwe munthu ali bwinobwino koma sangasaine kubanki, sangagulitse katundu wake, sangakwatire, ana amulanda popanda kumumva, pa chisankho dzina lake palibe, mzimayi amubaya jakisoni olera kapena kumutseka osamufunsa, zonsezi chifukwa cha mzere umodzi omwe dokotala analemba mufayilo zaka khumi zapitazo. Peru mu 2018 ndi Colombia mu 2019 anasintha malamulo awo kuchotsa zolanda munthu mphamvu zake pamaso pa lamulo chifukwa cha kulumala, ndipo si maiko olemera kwambiri amenewa, nde nkhani ya ndalama apa isabwerepo.

Maiko ena mpaka pano munthu oyesa kudzipha akapulumuka amamutengera kuselo. Ghana inachotsa mlandu umenewu mu 2023. Enanu mukudikira chani sindikudziwa, munthu amene akudziwa kuti akaulula amangidwa sangapite kuchipatala, achibale akenso amabisa.

China chomwe sichikambidwa kwenikweni ndi thupi. Anthu odwala kwambiri maganizo amafa msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anzawo, ndipo ambiri chimawapha ndi mtima, shuga, chifuwa, matenda wamba oti akanachizika. Akati mmimba mukupweteka amati ndi mmutu, akapita kuwodi ya matenda ena amamubweza kuti wanu uyu mutengeni. Mankhwala ena amaganizo omwewo amanenepetsa ndi kukweza shuga, koma ndi kangati odwala amayezedwa BP kaya shuga muwodi imeneyi? Ndipo munthu akafera mmanja mwanu chitseko chili chokiya, imfa imeneyo ifufuzidwe ndi anthu akunja ngati mmene zimayenera kukhalira munthu akafera mchitokosi cha apolisi, achibale apatsidwe lipoti lonse osati kapepala kolembedwa kuti mtima unaima. Mtima wa aliyense umaima pomwalira, funso ndi loti unaima chifukwa chani.

Za oyendera. Ndikudziwa mmene zimakhalira bwana akamabwera, sabata yonse kukolopa, mabulangete atsopano atuluka mustolo, odwala ovuta abayidwa agone, bwana adutsa mphindi makumi awiri nkusaina buku la alendo. Kuyendera kumeneko nkongotaya mafuta a galimoto. Pangano la United Nations lowonjezera pa loletsa kuzunza anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2006, limafuna kuti dziko likhale ndi gulu loima palokha lotha kulowa malo alionse otsekeramo anthu, zipatala zamaganizo zili momwemo, nkucheza ndi otsekeredwawo paokha popanda wantchito kuimirira pambali. WHO nayo inatulutsa mu 2012 zida zoyezera zipatalazi pansi pa ndondomeko yake yotchedwa QualityRights, zilipo zaulere, simukuyenera kuyamba kuganiza kuchokera pachiyambi. Ine ndingowonjezera kuti gulu loyenderalo lizifika osanena, lizifika usiku ndi pa wikendi, ndipo mukhale anthu oti anagonapo muwodi yotere, chifukwa iwowo amadziwa kachipinda kakuseri komwe alendo saonetsedwa, amadziwa kuti foni yomwe yapachikidwa pakhoma ija sigwira, amadziwa funso loti afunse. Ndipo lipoti lawo lizituluka poyera, lisamakathere mudilowa ya ofesi yomweyo yomwe ikudzudzulidwa.

Tinthu tina ntating'ono moti nkuchita manyazi kutilemba mkalata yopita kwa anduna, koma kwa munthu ali mkatimo ndi tomwe timamuuza ngati akadali munthu. Kuvala zovala zake. Kusamba chitseko chotseka. Kuimbira foni mwana wake popanda kupempha ngati mphatso ya khalidwe labwino. Kuwerenga fayilo yake yomwe. Kusavulidwa pagulu, kusametedwa mokakamiza, kusajambulidwa nkuikidwa pa Facebook ndi alendo obwera ndi mphatso. Kugwira ntchito ya pachipatala ngati akufuna ndipo alipidwe, osati kuchapa ndi kulima ulere nkumati ndi mbali ya chithandizo. Izi sizifuna bajeti, zimafuna mkulu wa chipatala alembe memo mawa mmawa ndi kuonetsetsa kuti yatsatidwa.

Pomaliza ndikupempha chinthu chimodzi choti mutha kuyamba mwezi uno osadikira nyumba ya malamulo. Anduna, lamulani chipatala chilichonse, cha boma, cha mpingo kaya cha munthu, ndi malo ena onse osunga odwala maganizo, akupatseni mndandanda wa anthu omwe akhala mkati kupitirira chaka chimodzi, tsiku lomwe analowa, anasaina ndani, ndi tsiku lomaliza lomwe munthu wakunja anaunika nkhani yawo. Maina musunge mwachinsinsi koma chiwerengerocho mutiuze poyera. Majaji, tumizani anzanu akakhale pansi ndi aliyense wa pamndandandawo, loya ali pambali pake, kuyambira ndi amene wakhalitsa kuposa onse.

Ndine wanu,
mmodzi mwa achibale osamalira odwala